Njala Imene Ndinasenza pa Mapiri a ku Yugoslavia

Ana inu, Thandeka ndi Mphatso, nkhani iyi ndikuilemba m'Chichewa mwadala. Mukabwera kuno ku Emakhandeni, mu Bulawayo muno, ine ndikamayankhula chathu inu mumandiyankha m'Chindebele, kapena mumangoti “yebo gogo” maso ali pa foni. Tsopano muvutike nayo, mawu amene angakukanikeni mukafunse amanu. Makamaka iwe Mphatso, amene tsiku lija unakana kukagula buledi kugolosale ati kwatalika, uwerenge mpaka kumapeto. Agogo ako oyenda ndi ndodowa anadutsa mapiri a dziko la eni ndi miyendo yomweyi, katundu ali kumsana.

Dzikolo musalifune pa mapu a m'foni mwanu, kulibenso. Linkatchedwa Yugoslavia, ndipo linagawika inu musanabadwe. Koma mapiri ake ndikhulupirira akadali pomwe ndinawasiya.

Ndiyambe ndi ku Makokoba, chifukwa mukapanda kudziwa kumene ndinakulira mudzangoti agogo anali opusa. Tinkakhala m'chipinda chimodzi chodulidwa pakati ndi nsalu. Abambo anga ankagwira ntchito yonyamula katundu ku njanji. Iwo anabwera kuno wapansi kuchokera ku Ntcheu, kudzera ku Tete, ali mnyamata wopanda ndevu. Anthu ankatitcha amaNyasa, ngakhale kuti abambowo nyanja anali asanaionepo ndi kamodzi komwe. Ana anzathu akafuna kutinyoza ankati makolo athu anabwera motsatira fungo la buledi. Mawu amenewa amayi anga ankawamva kuwawa kuposa ine. Ndiye kwathu kunali lamulo: njala ya m'nyumba isatuluke pakhomo. Mwezi ukafika pakati, ufa utachepa, amayi ankatipaka timafuta tophikira pamilomo tisanapite kusukulu, kuti munthu asaone milomo youma.

Panalinso mwambo umene inu simukuudziwa bwino. Mlendo sankafunsidwa ngati akufuna chakudya. Ankangoona madzi osamba m'manja afika, mbale zatsatira. Kufunsa munthu kuti “kodi mudya?” kunali kumuuza kuti mulibe naye cholinga, ndipo mwana woleredwa bwino akafunsidwa choncho ankayankha kuti “zikomo, ndakhuta,” ngakhale m'mimba mukulira. Wofuna kukupatsadi ankakuikira m'manja. Kudya uku ukuyenda mumsewu ndiye kunali kwa agalu. Inu lero mumatafuna matchipisi m'kombi, timinibasi tanu tija, pakamwa pali pululu, osaona vuto.

Ufulu utangobwera ine ndinali mu Fomu 4, mtsikana wa mabuku, wokhulupirira kuti zonse zikhala bwino mawa lomwe. Kusukulu kunabwera mpikisano wolemba nkhani ya mmene tikufunira dziko lathu latsopano lidzakhalire. Opambana ankapita kukayenda wapansi ndi achinyamata a maiko ena, kuyambira kumapiri mpaka kuchigwa cha mphesa, kuti maiko adziwane. Ndinalemba usiku ndi usana, ndipo mu Bulawayo monse tinasankhidwa atsikana awiri: ine, ndi Sithabile wa ku Magwegwe, amene tinkangomuti Thabi.

Si onse anakondwa. Pampopi amayi ena ananena mokweza kuti amayi anga amve: “Hawu, dziko latha ana kodi, mpaka kutuma mwana wa muNyasa?” Ine wobadwira mu Makokoba momwemo! Amayi anga anangosenza ndowa yawo n'kubwerera, koma kuyambira tsiku limenelo ulendo wanga unasanduka mlandu wa banja lonse. Ndinayenera kuuyenda wonse, osatsala ngakhale phazi limodzi, kuti pampopi paja pakhale chete.

Abambo anatengera nsapato zanga za sukulu kwa wosoka nsapato kuti aziike tayala la galimoto kunsi. Amayi anakazinga mtedza ndi maputi, n'kuphika chimodho, kamba wa paulendo. Pa siteshoni, sitima yopita ku Salisbury, Harare wanuyu, itayamba kufuka, amayi anandigwira dzanja.

“Edina, tamvera. Kumeneko usakationetse njala. Azungu amaganiza kuti kuno tonse timagona ndi njala. Ukakhale ngati mwana wochokera pakhomo pa anthu.”

Abambo anangoti, “Phiri silithamangiridwa, mwanawe. Ukaliyambe ngati waulesi.”

Za ndege sindinena zambiri, poti inu mumaziona ngati mabasi. Ine ndinakhala chowongoka njira yonse, kuopa kuti ndikatsamira mbali imodzi ipendekeka.

Titafika anatigawira zikwama za kumsana, zansalu yolimba yobiriwira, zokhala ndi zitsulo m'mbali. M'menemo munkalowa bulangeti losokedwa ngati thumba, mbale, kapu yachitsulo, juzi, ndi gawo la hema. Pulaimasi, kachitofu kathu ka palafini, tinkasinthana kunyamula. M'gulu mwathu munali a ku India, a ku Mexico, a ku Sweden ndi eni dziko, tonse tikuyankhulana Chingerezi chothyokathyoka. Wotitsogolera anali a Vesna, mphunzitsi wamkazi wamtali, wa tsitsi lodula ngati mnyamata, wosadziwa kuseka pachabe. Tsiku loyamba anatiuza poyera kuti amene adzafooke adzakwezedwa basi yonyamula makalata, akadikire anzake kuchigwa cha mphesa. Ine mumtima ndinati basi imeneyo idzanyamula ena.

Kamba wa amayi anatha tsiku lomwelo. Popuma ndinamasula kathumba n'kuzungulira gulu lonse, aliyense ndikumuthira mtedza ndi maputi m'manja osamufunsa, monga tichitira. Anadabwa, anaseka, anatafuna. Ndinakhala pansi ndili wokhutira kuti ndaonetsa khalidwe, ndipo ndinkadziwa kuti mawa nawonso adzandithira ine.

Mapiri amenewo, ana inu! Ndinkayesa kuti a ku Matopo ndi mapiri, koma pafupi ndi amenewa ndi chulu chabe. Munsi muli nkhalango za mitengo yowongoka ngati mapolo a magetsi, pakati pali udzu ndi ng'ombe zovala mabelu m'khosi, pamwamba miyala yoyera yokhayokha. Madzi amangotuluka paliponse, oti kuno ku Bulawayo tikanawaimira pamzere. Ndinali ndi kabuku kamene ndinkalembamo tsiku lililonse, Chingerezi chachikuluchikulu choti a hedi akadzawerenga agwedeze mutu. Kanadyedwa ndi chiswe amanu ali wakhanda. Sindikadandaula kwenikweni, poti munali mitambo ndi maluwa okhaokha, za m'mimba munalibe.

Vuto linali kadyedwe kawo. M'mawa ankaika pakati buledi wakuda wowawasa, tchizi ndi jamu, aliyense n'kumadzitengera. Ine ndinkadikira kuti akuluakulu ndi anyamata atenge, kenako n'kutenga kachidutswa kakang'ono kotsala. Masana kunalibe kukhala pansi kuti tidye. Anthu ankadya akuyenda, kutulutsa m'matumba chokoleti, soseji youma, zipatso zouma. Mtsikana wa ku Sweden ankatembenuka n'kundilozetsa chokoleti.

“Ukufuna?”

“Ayi, zikomo.”

Iye n'kubweza m'thumba! Ine ndinkatsala ndikuyang'ana thumbalo, kudikira kuti anenenso kachiwiri, kapena andigwire dzanja andiikire. Palibe. Madzulo a Vesna ankaima ndi chipande pa mphika wa supu n'kufunsa kuti ndani akufuna kuwonjezera. Mbale zonse m'mwamba, ya Thabi patsogolo. Yanga ndinali nditatsuka kale.

Thabi anakulira kusukulu yogonera konko ya amishoni, kumene ukachedwa kutambasula dzanja umagona chomwecho. Anali wamfupi, wamwano, wodya ngati wolima. Ndinkamuonera manyazi. Tsiku lina ndinamunong'oneza kuti akutichititsa manyazi a Zimbabwe.

“Wena, Zimbabwe ali m'mbale mwangamu?” anatero uku akupukuta mbale ndi buledi. “Ufulu tinaulandira kuti tizidya.”

Masabata oyamba thupi langa linapirira, poti njala tinkadziwana kuyambira ku Makokoba. Koma njala ya munthu wokhala m'kalasi ndi ina, ya munthu wosenza chikwama pa chitunda ndi inanso. Siketi inayamba kuzungulira m'chiuno, ndinaimanga ndi chingwe cha hema. Ndinayamba kutsalira. Poyamba ndinkanamizira kumanga nsapato, kenako ndinasiya kunamizira. M'makutu munkalira ngati muli njuchi. A Vesna ankandifunsa ngati ndikudwala, ine n'kumati ndili bwino, uku ndikunyambita milomo kuti isaoneke youma.

Tsiku lina masana tinatsikira pa nyanja. Inali nyanja yanga yoyamba, mwana wa muNyasa kukaiona kwa azungu! Madzi obiriwira ngati botolo, oonekera mpaka pansi, mapiri atazungulira mbali zonse. Anzanga anataya zikwama n'kuthamangira m'madzi akukuwa ndi kuzizira. Ine ndinawerama kuti ndimasule nsapato, ndipo dziko linazungulira. Ndinadzidzimuka nditagona pa udzu, nkhope yanyowa, a Vesna atandigwira pamkono akuyang'ana wotchi.

Sanakalipe. Anandilozera phiri lalikulu kutsidya kwa nyanja, limene tinayenera kulidutsa pampata wa pamwamba kuti titsikire ku mphesa.

“Edina, uko sungakwere. Basi idutsa pano mawa m'mawa. Ukatidikire kumunsi, kuli dokotala.”

Atachoka ndinalira mwakachetechete. Sindinkaona nyanja, ndinkaona mpopi wa ku Makokoba, ndi amayi aja akufunsa kuti nanga mwana wanu uja akuti anamaliza ulendo pa basi? Thabi anabwera akudontha madzi n'kukhala pambali panga.

“Ukudwala chiyani kwenikweni? Malungo?”

“Sindikudwala.”

“Nanga?”

M'mimba mwanga munayankha mokha, mokweza ngati galimoto yokana kulira. Thabi anandiyang'ana, n'kuyang'ana chingwe cha m'chiuno mwanga.

“Maye! Ndi njala? Edina, uyahlanya, wapenga ndithu! Chakudya chili mbwee, iwe n'kumafa?”

“Amangondifunsa. Sandipatsa.”

“Akupatse ndani, ndi azakhali ako amenewa? Kuno akafunsa ndiye kuti akupatsa. Dikira ndikawauze.”

Ndinamugwira mwendo. Ndinadziwa kuti akakanena Thabi, a Vesna adzandiona ngati kamwana koyankhuliridwa, ndipo kamwana sakakwera nako phiri. Mawuwo anayenera kutuluka pakamwa panga. Koma ana inu, simungamvetse kulemera kwake. Chibadwire ndinali ndisananenepo kwa munthu wakunja kuti ndili ndi njala. Kunali ngati kuvula pamsika, ndiponso kuvula amayi anga.

Ndinadzuka pang'onopang'ono n'kupita pamene a Vesna ankapopa pulaimasi. Ndinagwada, monga tichitira poyankhula ndi wamkulu. Iwo anadzidzimuka, kuyesa ndakomokanso.

“Amayi, ine sindikudwala. Ndili ndi njala.”

“Njala? Iwe umakana chilichonse! Ndimayesa chakudya chathu chimakunyansa.”

“Ndimakana chifukwa mumandifunsa. Kwathu munthu akakufunsa, uyenera kukana.”

“Nanga amene akufuna kudya amatani?”

“Safunsidwa. Amangopatsidwa.”

Anakhala pansi pa udzu, pulaimasi ikuzima yokha. Kenako nkhope yawo inafiira, ndipo apa ndiye anakalipa.

“Masabata onsewa? Ukudziwa kuti ukanagwa pamwamba paja anthu anayi akanakunyamula, mwina mmodzi n'kugwa nawe? Kuphiri munthu amanena zoona za thupi lake. Ukazizidwa unene, ukatopa unene, ukamva njala unene. Ulemu wako ukausunge kuchigwa.”

“Ndamva. Koma basi sindikwera.”

“Zimenezo unena ndiwe?”

“Ndikupempha. Ndipatseni tsiku limodzi ndidye. Mukadzaona kuti ndikutsalirabe, ndidzatsika ndekha osakuvutitsani.”

A Vesna anati gulu lonse lipumula panyanja mawa, poti ena anali ndi matuza kumapazi, ndipo mkuja tidzanyamuka. Pakati pa njira pali khumbi la abusa a ng'ombe. Ndikadzafika pamenepo pamodzi ndi gulu, ndidzapitirira. Ndikadzafika pambuyo, ndidzatsika ndi abusawo kukakwera basi. Atatero anadula buledi, kachigawo kokhuthala ngati njerwa, n'kuima nako m'manja.

“Ukufuna?”

Anachita dala. Anthu onse ankayang'ana. Lilime linayamba lokha kupanga “ayi,” ndinachita kuliluma.

“Inde. Ndikufuna.”

Thabi anaimba nthungululu mpaka inabwerera kuchokera kutsidya kwa nyanja.

Tsiku lopumalo ndinadya ngati dzombe. Supu ya nyemba, mbatata ya kachewere, tchizi chonunkha ngati sokosi za Mphatso, mkaka wa ng'ombe za mabelu zija. Nkhani inafalikira gulu lonse. Mtsikana wa ku Sweden uja anabwera maso ali ofiira kudzapepesa, ine n'kumapepesanso, mpaka tonse tinayamba kuseka. Mnyamata wina wa ku India anati kwawonso amakana kawiri n'kuvomera kachitatu, kungoti iye anazindikira msanga kuti kuno kachitatu kulibe.

Tinanyamuka kukuchita mbuu. Ndinayamba ngati waulesi, mapazi afupiafupi, osayang'ana pamwamba. Anyamata anathamanga kutsogolo, ndipo dzuwa litakwera tinawapeza atakhala pamiyala akupuma ngati agalu. M'thumba la juzi ndinali nditadzaza zipatso zouma. Nthawi yoyamba kutafuna ndikuyenda ndinacheuka kumbuyo, ndithu, ngati amayi atulukira kuseri kwa mtengo. Kunali ng'ombe yokha, nayonso ikutafuna.

Pa khumbi la abusa sindinafike woyamba, komanso sindinafike womaliza. Ndinafika pakati pa gulu, chikwama changa chili kumsana kwanga. A Vesna anangotenga pulaimasi kwa mnyamata wa ku Mexico n'kuiika pamwamba pa chikwama changa, poti inali nthawi yanga yonyamula. Sindinalandirepo mphoto yolemera ngati imeneyo, ndipo sindinayambe ndanyadirapo ina choncho.

Kuchoka apo mitengo inatha, udzu unatha, kunatsala miyala yoterereka ndi mphepo yolasa m'makutu. Malo ena tinkakwawa ndi manja, titagwira chingwe chachitsulo chokhomedwa m'thanthwe. Matayala a wosoka nsapato wa ku Makokoba anagwira mwala kuposa majombo a ena. M'khwawa lina munali chipale chofewa chimene sichinasungunuke chaka chonse. Thabi anachinyambita n'kunena kuti azungu ndi opusa, akanathira shuga ndi kugulitsa. Pampata penipeni ndinaima n'kuyang'ana mbali zonse ziwiri. Kumbuyo nyanja ija inali ngati kandalama kogwera mu udzu. Kutsogolo mapiri ankatsika, kutsika, mpaka ku zitunda zobiriwira zolembedwa mizeremizere ngati mutu woluka bwino. Thabi ndi ine tinaimba nyimbo ya kusukulu, mphepo ikutilanda mawu.

Pambuyo pake ndinaphunzitsa ana zaka zambiri ku Magwegwe, ndinakwatiwa ndi agogo anu aamuna, ndinaika m'manda anthu amene sindinkayembekeza kuwaika, Thabi ali m'gulu lomwelo. Zaka za chilala, zaka zimene m'masitolo munali mashelefu okhaokha, zonse ndinaziona. Zikandithina ndinkadziuza kuti ine ndinaimapo pampata paja ndi miyendo yanga. M'kalasi mwanga ndinkayang'ana kwambiri ana a milomo yonyezimira, ndipo amenewo sindinkawafunsa kanthu, ndinkangowatuma ku ofesi kumene ndinkasiya buledi. Koma ndasochera, tibwerere ku mphesa.

Kutsika kunatenga masiku, tikugona m'mabwalo a sukulu ndi m'nkhokwe za udzu. Mpweya unayamba kufunda, kununkhira zipatso zakupsa. Basi ija inatipitirira pa msewu wafumbi, muli awiri a gulu lathu amene mapazi anawakanika, akutibayibitsa pawindo. Ndinawabayibitsa ndi manja awiri. Tinalowa m'mudzi womaliza wapansi, nthawi yokolola mphesa, ndipo eni munda wina anatilandira kuti tiwathandize. Mphesa amadula ndi kampeni kokhota ngati chikwakwa chaching'ono, n'kuthira m'chibakete chathabwa chimene mwamuna amabereka kumsana. Ine ndinapinda juzi kukhala nkhata, n'kusenza dengu pamutu kutsika nalo chitunda manja ali lende. Amayi a m'mudzimo anasiya kudula n'kumaitanana kuti adzaone.

Ntchito itatha anayala matebulo pansi pa mtengo wa mtedza wawo, umene umabala m'mwamba osati pansi, n'kuikapo mbale ya nkhuku yowotcha. Mwini munda, bambo wonenepa wa ndevu za pamlomo, anatuluka m'chipinda cha pansi pa nthaka ndi jagi ya vinyo wa chaka chatha. Anazungulira tebulo akuthira, mpaka anafika pa ine. Inu mukudziwa kuti kwathu mowa sunkalowa. Abambo anakhala moyang'anana ndi holo ya mowa zaka zonse zija osapondamo. Ndinaphimba kapu ndi dzanja.

“Ayi, zikomo.”

Bamboyo anaima ndi jagi m'mwamba, osadziwa chimene chachitika. A Vesna anaika foloko pansi n'kundiloza.

“Edina, tiuze bwino. Ameneyu ndi ayi wa ku Makokoba, kapena ayi weniweni?”

“Weniweni, amayi.”

A Vesna anamasulira m'chiyankhulo chawo, nkhani yonse kuyambira kunyanja, ndipo bamboyo anaseka mpaka vinyo anatayikira pa nsapato zake. Akuti apitirire kwa wina, ine ndinakweza mbale yanga m'mwamba, pamaso pa anthu a maiko onse aja, popanda wondifunsa.

“Koma nkhukuyo ibwere kuno. Ndayenda wapansi kuchokera kuseri kwa phiri ilo, ndipo ndili ndi njala.”